Mapapo Obwereka a Mang Takyo

Makina aja anafika pachilumba chathu mwezi wa Ogasiti, pa sitima yomwe imabweretsa simenti ndi nkhumba. Anabwera m'mabokosi asanu ndi limodzi. Bokosi lalikulu linakana kulowa pakhomo lililonse la chipatala, moti anachita kugumula khoma la chipinda chochapira zovala. Ine ndinaima pambali nditanyamula tepi yoyezera, yomwe palibe anaikumbukira makinawo asanagulidwe.

Dzina langa ndi Dionisio Macalintal, koma pachipatala onse amanditchula Mang Dioni, poti kwathu Mang ndi mawu aulemu kwa bambo wachikulire, monga Aling kwa mayi. Ndakonza makina a chipatala chachikulu cha m'chigawo chathu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Makina otenthetsera makanda obadwa masiku asanakwane, makina opopa mpweya, mafiriji a magazi, nyali za kuchipinda cha opaleshoni, zonsezo zadutsa m'manja mwanga. Makina sindidana nawo. Makina sanama, sadzitama, ndipo akafa amafa poyera. Amene ndinatopa nawo ndi anthu omwe amakonda kujambulitsa ataima pafupi ndi makina.

Mkulu wa anthu oterowo anali a Dokotala Rolando Balingit, omwe anatumizidwa kuchokera ku Manila kudzakhala mkulu wa chipatala chathu. Anali munthu wonunkhira bwino, wa nsapato zosongoka, ndipo chomvera m'chifuwa ankachikoleka m'khosi ngati mkanda. Chaka chonse chomwe ndinawaona, chipangizocho sichinakhudze chifuwa cha munthu. Mawu awo okondedwa anali akuti tsogolo. Ukawauza kuti mpope wa ku wodi ya amayi ukudontha, ankakuyankha za tsogolo. Ukawauza kuti masilinda a mpweya atsala atatu, ankakuyang'ana momvetsa chisoni ngati munthu wotsalira.

Makina atsopanowo anali sikana, yojambula m'kati mwa thupi modulizadula, ndipo inabwera ndi kompyuta yomwe amati imawerenga yokha zithunzi n'kunena matenda.

"Mang Dioni," anatero a Balingit akusisita bokosi lija ngati ng'ombe yawo, "pakatha zaka zisanu sitidzafunanso munthu wosuzumira zithunzi pawindo. Makinawa amaona zomwe diso la munthu silingaone. Chimakina chanu chakale cha ekisire chija muchimasule, chipite kwa ogula zitsulo."

Munthu wosuzumira zithunzi pawindo amene ankanenayo anali pomwepo, akumva. Anali a Dokotala Consolacion Tabuena, mayi wamfupi wa imvi, yemwe anawerenga mapapo a theka la chilumba chathu. Anangowayang'ana nsapato zija, n'kubwerera ku wodi.

Ine ndinati, "A Dokotala, thiransifoma yathu singakwanitse makinawa. Amafuna mphamvu yoposa ya chipatala chonse. Mukawayatsa kuti ajambule, ku opaleshoni kuzima."

"Thiransifoma ikubwera."

"Liti?"

"Inu vuto lanu ndi limeneli, Mang Dioni. Mumaona mawaya, simuona chithunzi chachikulu."

Thiransifoma sinabwere, koma tsiku lotsegulira linabwera, chifukwa chisankho chinali pafupi ndipo a Bwanamkubwa a chigawo ankafuna riboni yodula. Kutatsala masiku awiri, a Balingit anandiitanira m'chipinda cha sikana. Ndinawapeza ali ndi Marlon Dizon, wogulitsa makina wochokera ku kampani yomwe inawabweretsa, munthu woseka ndi mano onse ngakhale palibe choseketsa.

Marlon anandifotokozera nzeru yawo. Ndi magetsi omwe tinali nawo, bedi la makina likhoza kuyenda, nyali zikhoza kuwala, chimkombero chomwe wodwala amalowamo chikhoza kuzungulira n'kumalira. Chosatheka chinali chimodzi chokha, kujambula. Koma mu kompyuta munali zithunzi zachitsanzo zochokera kufakitale, mapapo a munthu wina wa kunja, oyera bwino ngati a mwana.

"Mlonda wapageti agona pabedi," anatero Marlon. "Makina alira. Inu mudina batani ili, mapapo atuluka pa sikirini, anthu awomba m'manja, tipita kukadya nkhumba. Palibe wavulala."

"Ndiye kuti tikunama."

"Tikuonetsa, Mang. Kunama ndi kwina, kuonetsa ndi kwina."

Ndinavomera. Ndinali nditatsala zaka ziwiri kuti ndipume pantchito, ndipo ndinadziuza kuti mlonda Berto ndi wathanzi ngati njati, mapapo a mzungu samulakwira kanthu. Munthu akafuna kugona pansi kuti amuponde sasowa zifukwa.

Tsikulo linafika ndi malipenga a ana asukulu ndi nkhumba zitatu zootcha. Odwala anawachotsa m'khonde n'kuwaunjika kuseri, pafupi ndi nyumba ya maliro, kuti asaononge zithunzi. Wansembe anawaza makinawo madzi odalitsidwa, Marlon akutsatira pambuyo ndi kansalu kupukuta dontho lililonse. A Balingit analankhula kwa mphindi makumi anayi. Anati chilumba chathu chalowa m'badwo watsopano, anati msodzi wa kuno tsopano ndi wofanana ndi munthu wolemera wa ku Singapore. Ine ndinali kuseri kwa galasi, chala chili pafupi ndi batani, ndikuganiza za masilinda atatu aja.

Berto anali atavula kale lamba pamene a Bwanamkubwa anakweza dzanja.

"Ayi, ayi. Mlonda wa yunifolomu? Anthu aziti makinawa ndi a ogwira ntchito m'boma. Ndipatseni munthu wamba. Munthu wosauka weniweni."

Anyamata awo anathamangira kuseri kuja kukasankha wosauka, monga momwe amayi amasankhira nsomba pamsika. Anabwera ndi bambo wina woonda, wakuda ndi dzuwa, wa mapazi otambalala a munthu wokwera mitengo ya kokonati moyo wake wonse. Dzina lake anali Eustaquio Labrador, Mang Takyo, wa ku kachilumba kakang'ono ka maola awiri pabwato. Pambuyo pake pankabwera mkazi wake, Aling Pasing, atanyamula thumba la pulasitiki ndi kapepala ka nambala ya pamzere. Bamboyo anatsokomola kamodzi, chifuwa chochokera pansi penipeni, ndipo ine ndinachimva kudutsa galasi.

Ndinayang'ana a Balingit. Nawonso anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'ono, kumwetulira kuli pomwepo.

Bedi linayenda. Nyali zinawala. Chimkombero chinalira. Mang Takyo anagwira mpweya monga anamuuzira, manja ali pamwamba pa mutu, maso atatsinzina ngati akupemphera. Ndipo ine, Dionisio Macalintal, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pantchito, ndinadina batani.

Mapapo anatuluka pa sikirini yaikulu yomwe anaipachika kuti onse aone. Anali okongola. Pambali pake panatuluka mzere wobiriwira.

"Makina anena!" anafuula a Balingit. "Mphindi imodzi yokha! Bambo awa mapapo awo alibe banga!"

Anthu anawomba m'manja. A Bwanamkubwa anamukumbatira Mang Takyo mbali yomwe kunali makamera, anamuveka malaya okhala ndi nkhope yawo, n'kumusenzetsa thumba la mpunga. Bamboyo ankalira ndi chimwemwe. Ndinaganiza kuti mwambo ukatha ndimupeza, ndimubwezere pamzere. Koma a Bwanamkubwa anafuna kujambulitsa ndi amisiri, kenako magetsi a ku labotale anathima chifukwa cha zokuzira mawu, ndipo pomwe ndinkatuluka panja n'kuti bwato la masana litapita.

Ndinakhala nazo masiku asanu ndi anayi. Ndimachita manyazi kutchula nambalayi, koma ndi imeneyo. Tsiku lakhumi ndinapita kwa a Dokotala Tabuena, ndinawapeza akudya mpunga ndi nsomba youma pa desiki pawo, ndipo ndinawauza zonse.

Anamaliza kutafuna kaye.

"Ndinadziwa kuti mapapo aja si ake," anatero. "Munthu wa nthiti zowerengeka uja angakhale ndi mafuta ochuluka chonchija pachifuwa? Ndinaganiza kuti mwamubwezera pamzere. Ndinafufuza dzina lake m'kaundula mawa lake, sindinalipeze, ndiye ndinati mwina anaonedwa ndi wina." Anatseka kabokosi ka chakudya. "Balingit ndi chitsiru, Dioni, ndipo chitsiru sindichiyembekezera kanthu. Koma iwe? Iwe amene unagona pansi pa makina a makanda magetsi atazima ndi namondwe uja, ukuwapukusa ndi manja? Wadina batani?"

"Ndinadina."

"Masiku asanu ndi anayi. Ukudikira chiyani pano, ndikukhululukire? Ine si wansembe. Pita ukamutenge."

Ndinakwera bwato la Loweruka m'mawa, pakati pa matumba a feteleza ndi tambala wa munthu wina yemwe ankapita kukamenyanitsa. Nyumba ya Mang Takyo sinavute kupeza. Aliyense pakachilumbako ankamudziwa kuti ndi amene analowa m'makina a Bwanamkubwa. Ndinamupeza atakhala pakhonde, atavala malaya a nkhope aja, omwe tsopano ankamukhala ngati apachikidwa pa msomali. Chithunzi chake cha m'nyuzipepala anachimata pakhoma pafupi ndi cha Mayi Maria.

Anandilandira bwino. Anandizindikira kuti ndine wa kuseri kwa galasi, ndipo anauza mkazi wake kuti aphike khofi.

"Mang Takyo," ndinatero, "muyenera kubwerera kuchipatala. Akakuoneninso."

"Andionenso chiyani? Makina anandiona kale. Mkati monse."

"Chifuwacho chatha?"

"Ndi fumbi la makoko a kokonati basi. Makina akanaona." Anatsokomola nthawi yaitali, atatembenukira kumbali, kenako anapinda kansalu msangamsanga n'kukalowetsa m'thumba. "Mukudziwa, Mang, kuno anthu ankandinena. Ankati Takyo ali ndi chifuwa chachikulu, osamwera naye kapu imodzi. Pano onse atseka pakamwa. Dzulo ndanyamula mdzukulu wanga koyamba chichokereni Isitala."

Ndinaika kapu pansi.

"Makina aja sanakujambuleni. Sanajambulepo munthu aliyense, alibe magetsi okwanira. Mapapo munaona aja ndi a munthu wina wa kunja, anabwera kale ali mu kompyuta. Amene anawatulutsa pa sikirini ndine."

Sanandikhulupirire. Anaseka, n'kunena kuti mwina ndine wa chipani chotsutsa, ndatumidwa kudzanyoza a Bwanamkubwa. Anati dokotala wamkulu wa ku Manila sanganame pamaso pa wansembe. Munthu ameneyu anali wokonzeka kufa poteteza ulemu wa anthu omwe anali ataiwala kale dzina lake.

Aling Pasing ndi amene anathetsa nkhaniyo. Anali ataima pakhomo nthawi yonseyi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi beseni, n'kuliika pakati pathu. Munali tinsalu tonyikidwa m'madzi, ndipo madziwo anali ofiirira.

"Ine ndimachapa izi m'mawa uliwonse," anatero. "Ndinkati kapena wamisala ndine, poti makina anena. Takyo, vula chinsanza chimenecho, uvale malaya a bwino. Tikukwera bwato la masana." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu muli ndi ana, bambo?"

"Awiri."

"Amadziwa ntchito yomwe mumagwira?"

Anatola beseni lija n'kulowa nalo m'nyumba. M'bwato anakhala chondifulatira ulendo wonse.

Makina akale a ekisire ndinali ndisanawamasule. Ndinangowakankhira m'chipinda chosungira matiresi n'kuwafunditsa nsalu, osati chifukwa cha nzeru, koma ulesi wosakaniza ndi chisoni. Ndi makina a zaka makumi atatu, mkono wake ndinaumanga ndi waya wa mabuleki a njinga yamoto, ndipo ukawayatsa amayamba adandaula kaye ngati nkhalamba yodzuka pamkeka. Ndinawalumikiza. Mang Takyo anaima atatsamira chifuwa pa chitsulo chozizira, popanda malipenga, popanda wansembe.

A Dokotala Tabuena anatenga chithunzicho n'kupita nacho pawindo. Anachikweza kudzuwa. Ngakhale ine wa mawaya ndinaona: kumtunda kwa phapo lakumanja kunali bowo, lozungulira ngati dzira la nkhunda, ndipo mozungulira monse munali mwa mitambo.

"Chifuwa chachikulu," anatero. "Tiyeza makhololo kuti titsimikize, koma ndi chimenecho. Mang Takyo, matendawa amachizika. Mumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa tsiku. Aling, inunso tikujambulani, ndipo onse a m'nyumba mwanu abwere Lolemba, makamaka mdzukulu wanu wakhanda."

Mang Takyo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Amenewa ndiye anga?"

"Amenewa ndiye anu."

"Oipa chonchi," anatero motsitsa mawu.

Lolemba a Balingit anandiitana. Nkhani inali itawafika, poti pachipatala chinsinsi chimayenda msanga kuposa wodwala wa pa machira. A Dokotala Tabuena analowa nane osaitanidwa, n'kuika chithunzi chija pa desiki, pamwamba pa kabuku konyezimira ka kampani.

A Balingit sanachikhudze. Anachiyang'ana chapatali ngati mbale ya munthu wina.

"Choyamba," anatero, "makina sanalakwitse. Tisasokoneze zinthu. Chija chinali chionetsero, ndipo munthu aliyense wozindikira amadziwa kuti chionetsero si kuyeza. Ngati bamboyo anamva molakwika, ndi nkhani ya maphunziro a anthu athu, yomwe ndakhala ndikuidandaula. Chachiwiri, wodwalayo wapezeka, akulandira mankhwala. Ndiye kuti dongosolo lathu likugwira ntchito."

"Dongosolo lake ndi Dioni pa bwato la feteleza," anatero a Tabuena.

"Chachitatu, Mang Dioni, ndinakuuzani kuti makina akale aja achoke. Mwajambulira wodwala makina omwe ndinawaletsa. Chikanachitika china chake, mlandu ukanakhala wa yani?"

Ndinayang'ana chomvera m'chifuwa chija chikulendewera pa taye yawo. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti anthu ngati awa amadziwa kuti akunama, ndipo usiku zimawavuta. Tsiku limenelo ndinaona kuti ayi. Munthuyu ankakhulupirira mawu ake onse, lililonse likangotuluka m'kamwa. Mkati mwake munalibe woti n'kukangana naye.

"A Dokotala," ndinatero, "mwana wa miyezi isanu ndi iwiri ali panjapo, akudikira kuyezedwa chifukwa agogo ake anamunyamula atamva inu mukufuula kuti alibe banga. Mukufuna mukamuone?"

"Ndili ndi msonkhano."

"Ndinadziwa."

Sanandichotse ntchito, poti munthu wochotsedwa amalankhula. Anandisamutsira kuchipinda chochapira zovala, kuti ndiziyang'anira makina ochapira ndi owiritsa madzi, pafupi ndi khoma logumulidwa lija lomwe anangolitseka ndi malata. Makina a ekisire sanawatchulenso. Anakhalabe m'chipinda cha matiresi, ndipo a Tabuena ankatumiza odwala kumeneko mwakachetechete, ine n'kumachoka kochapira kukawajambula manja akununkha sopo.

Khanda lija linapezeka lilibe matenda, koma analipatsa mankhwala oteteza. Aling Pasing anali bwino. A Bwanamkubwa anapambana chisankho. A Balingit anakhala nafe miyezi ina isanu, kenako anakwezedwa kupita ku likulu, komwe ndikumva kuti amayendayenda m'mahotela kuphunzitsa akuluakulu a zipatala zina. Thiransifoma inafika patatha chaka ndi miyezi iwiri. Sikana ija inayamba kugwira ntchito, ndipo ndinene zoona, ndi makina abwino kwambiri. Sabata yoyamba yomwe inapeza magazi oundana m'mutu mwa mtsikana wina yemwe anagwa pa njinga yamoto, ndipo anapulumuka. Zithunzi zake amawerengabe ndi munthu, chifukwa kompyuta ija imaona chotupa pa chipsera chilichonse cha chifuwa chachikulu, ndipo kuno munthu mmodzi mwa anthu asanu ali ndi chipsera.

Mang Takyo anamaliza mankhwala ake. Anachira, koma phapo lakumanja linatsala lolumala, moti mitengo anasiya kukwera. Masiku ano amakhala pansi n'kumasenda kokonati zomwe ena athyola. Miyezi yonse yomwe ankabwera kudzatenga mankhwala sanandilankhulepo. Tikakumana m'khonde ankayang'ana khoma.

Tsiku lomwe anauzidwa kuti wachira, Aling Pasing anabwera ndi dengu la nkhanu zamoyo, zomangidwa ndi luzi, za a Dokotala Tabuena. Ine ndinkadutsa ndi ngolo ya nsalu zochapa. Anandiimitsa ndi dzanja. Anafufuza m'dengumo nthawi yaitali, akutembenuza nkhanu imodziimodzi, mpaka anapeza yaing'ono kuposa zonse, ya dzanja limodzi lothyoka. Anaiika pamwamba pa nsalu zanga.

"Iyi ndi ya bwato lija basi," anatero. "Zinazo sitinaiwale."

Ndinathokoza. Ndinaiphika madzulo ake ndi tsabola ndi madzi a kokonati, ndipo mkazi wanga atafunsa kuti nkhanu imodzi yokha ndaitenga kuti, ndinamukhazika pansi n'kumuuza nkhani yonse kuyambira pa batani.